Nyimbo ya Ngolo, Imene Sanandivomere Kachiwiri

Ine ndine mayi wa nyimbo. Funsani aliyense wotsala pa komboni yathu ino, kufupi ndi Mvurwi, akuuzani kuti gogo uja amaseka nthabwala isanathe, amaimba asanasukusule. Paukwati nyimbo ndinkayambitsa ine, pamaliro ndinkayambitsa ine. Tsiku limene anatikumbira mjigo ndinaimba mpaka okumbawo anataya mafosholo n'kulowa m'bwalo. Zilembo ndinazidziwa mochedwa, kwa amayi a ku tchalitchi, nditabereka kale ana anayi, ndiye cholembera changa chimayenda ngati ng'ombe yokalamba. Koma kumene chikupita chimafika.

Ntchito ya woyambitsa nyimbo ndi iyi: iwe uponya mawu m'mwamba, anzako awakha. Iwe ufunsa, iwo avomera. Ndipo pali lamulo limene anandisiyira amayi anga, iwo amene anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kulondola abambo ku mapulazi kuno. Ankati nyimbo siigwa pansi anthu alipo. Pamaliro anthu amatopa, mawu amazilala, ena amayamba kusinza. Pakangoti zii pang'ono, woyambitsa atole msanga, ina iliyonse imene ili pafupi ndi lilime, isanakhudze dothi. Chete wa pakati pa nyimbo ndi manyazi a komboni yonse. Ndiye kuti womwalirayo mwamusiya yekha pabwalo, wosafunda.

Zaka zanga zonsezi ine sindinagwetsepo nyimbo. Koma ilipo imodzi imene ndinaponya m'mwamba, ndipo mpaka lero palibe anaiwakha.

Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino, mvula ili pakati, fodya akupsa m'munda kuposa manja athu. Munda umene tinkathyola unali kutali, kuseri kwa damu, ndiye m'mawa uliwonse tinkakwera ngolo yokokedwa ndi thirakitala. Amayi okhaokha, ana kumsana, mabotolo a mahewu m'manja. Kapitawo sankadikira munthu. Wochedwa ankayenda wapansi ulendo wonsewo, ndipo ine, chifukwa cha pakamwa pangapa, ndinawapekera ochedwawo nyimbo. Tikaona wina akutuluka m'komboni akumanga duku kwinaku akuthamanga, ine ndinkaponya:

Ngolo iyo, ngolo iyo, yasiya yani?

Ndipo ngolo yonse inkavomera:

Yasiya aulesi, adza ndi miyendo.

Sinali nyimbo ya nzeru. Inali yoseketsa basi, yoti msana uiwale kumene ukupita.

Wovomera bwino kuposa onse anali mng'ono wanga. Mtsikana wowonda ngati bango, koma mawu ake a pansi, onenepa, oti ukamva uli kuseri kwa nyumba unkayesa kwabwera mlendo wamwamuna. Ine pamwamba, iye pansi, enawo pakati. Ankanena kuti, "Achemwali, inu ndinu denga, ine ndine nsanamira. Tsiku limene ndidzadwale mudzagwera anthu pamutu."

M'mawa umenewo mwana wanga wachiwiri anadziipitsira pa mbereko nditamumanga kale. Ndinamumasula, kumutsuka, kufuna nsalu ina, ndipo potuluka ndinapeza ngolo yadutsa kale pa mabalani owotchera fodya. Mwini nyimbo wasiyidwa. Ndinathamanga ndikuseka, mwana akudumpha kumsana, ndipo ndinati asananditonze iwo ndiyambe kudzitonza ndekha. Ndinaima pakati pa msewu n'kuponya. Anavomera onse, mpaka woyendetsa thirakitala anacheuka. Mng'ono wanga anaimirira, dzanja lina wagwira chitsulo, lina akundikupizira duku lake lachikasu.

Ndinaponya kachiwiri, mokweza kuposa poyamba.

Chida cha nkhondo chophulika chikapondedwa, anzathu a Chishona amachitcha chimbambaira, ndiye kuti mbatata, poti amachikwirira pansi ngati mbatata. Thirakitala inadutsa bwinobwino. Gudumu la ngolo ndi limene linachipeza. Phokoso lake sindinalimve ndi makutu, ndinalimva m'mano. Dothi lofiira linakwera kuposa mitengo, kenako linayamba kugwa pang'onopang'ono ngati mvula yowaza, ndipo ine ndinali chiimire, pakamwa pali yasa, ndikudikira kuti avomere.

Amene anakwirira sitinamudziwe. Ena ankati anatchera galimoto ya mzungu, ena ankanena zina monong'ona. Ife ana a anthu obwera, amene ankatitcha Mabulantaya ngakhale Blantyre sitinamuonepo, palibe wa mbali iliyonse anabwera kudzatiuza kuti pepani, sitinkafuna inu. Mng'ono wanga ndi ena amene anafa pa ngoloyo tinawaika kuseri kwa komboni, m'mphepete mwa mitengo ya bulugamu. Pamaliropo ndinayambitsa nyimbo za m'buku kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sindinagwetse ngakhale imodzi. Mawa lake tinapita kumunda wapansi, chifukwa fodya wakupsa sadikira maliro. Nyimbo ya ngolo ndinaitsekera m'mimba. Amuna anga anamwalira osaimvanso. Ana anga anakula osaidziwa.

Kuimba kokha sindinasiye. Ndikanasiya bwanji, poti ndi mmene ndimapumira? Koma ovomera anayamba kutha. Pulazi itasintha manja anthu anabalalika ngati nkhuku zoona mphamba. Ena ku Karoi, ena ku Raffingora, ena kokumba golide, ena anakwera basi kupita ku Malawi kumene anangokumva m'kamwa mwa makolo. Otsalafe tikhoza kukwana pa mphasa ziwiri. Ana a masiku ano ukawayambitsira nyimbo ya kwathu amakuyang'ana mwaulemu, kumwetulira, n'kukuyankha m'Chishona kuti zikumveka bwino, gogo. Zikumveka bwino. Ngati ndine wayilesi. Ndiye ndimaimba ndikuchapa, ndimaimba ndikusenda chimanga, ndiponya ndekha, ndidikira, ndivomera ndekha. Munthu mmodzi kukhala denga ndi nsanamira, mmero umatopa.

Mwana uja anali kumsana tsiku lija anakula, anabereka mtsikana, kenako anatisiya. Mtsikanayo ndi mdzukulu wanga, tsopano ndi mayi wamkulu, amagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda m'sitolo ina ku Mvurwi, ndipo amaimba kwaya ku tchalitchi cha m'tauni. Chaka chino, m'nyengo yozizira, anabwera ndi shuga ndi sopo, n'kukhala pa khonde akuchotsa zisoso ku siketi yake.

"Gogo, Lamlungu likubwerali tikuimba. Nyimbo yaikulu, yokumbukira anthu amene anaphedwa ndi zigawenga."

"Kuti?"

Ananditchulira dziko lake, lakutali, ndaliiwala. Anati anthuwo anali m'nyumba yopemphereramo, ena atanyamula ana, ndipo kunalowa anthu amfuti.

"Tili nawo pachibale?"

"Ayi, gogo. Ndi anthu basi. Mubwere. Koma mundimvetse: palibe nthungululu."

"Nthungululu yakulakwira chiyani?"

"Si ukwati. Mukhale pansi, manja pamiyendo, pakamwa potseka. Ngakhale kuwomba m'manja, ayi."

"Ndiye ukuitaniranji ine? Ukanaitana mpando."

"Gogo."

"Chabwino, mayi. Ndidzakhala mpando."

Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Lamlungu ndinavala bulauzi yoyera ndi chitenje changa cha masamba obiriwira, ndinayenda mpaka pa msewu wa tala, ndinakwera kombi, minibasi ya kuno. Mwambowo unali wa masana, mapemphero atatha. Tchalitchi chinadzaza. Anayatsa makandulo dzuwa likuswa mtengo, abusa anayankhula pang'ono m'Chishona kuti anthu amenewa nkhope zawo sitizidziwa koma Mulungu amazidziwa. Kenako akwaya anakwera kutsogolo atavala mikanjo yofiirira, aliyense pepala m'manja. Mdzukulu wanga anali mzere wachiwiri, kumanzere. Wowatsogolera anali bambo wamtali wa magalasi. Anafika n'kutilozetsa msana. Ndinadziuza kuti zaka zonsezi sindinaonepo woyambitsa nyimbo amene amafulatira anthu, ndiponso iye mwini osaimba, kumangopalasa mpweya ndi manja. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Ndinali mpando.

Anayamba amuna, pansi penipeni, ngati thirakitala ili kutali kuseri kwa damu. Chinenero chake sichinali Chishona, sichinali Chingerezi. Kunalibe ng'oma, kunalibe chisekese, palibe ngakhale anagwedeza phewa. Nyimbo yopanda mapazi. Poyamba inanditopetsa, ndinati anthu awa akuwalira anzawo kapena akuwerenga kalata ya ku boma? Kenako analowa amayi, osati pamodzi, koma awa kaye, awo pambuyo, ndipo mawu awo anayandikana kwambiri osagwirizana, ngati anthu awiri ogona pa mphasa imodzi atayambana. Ukati tsopano agwirizana, wina asuntha. Ukati tsopano apumula, akwera. Ndinatambasula manja anga pamiyendo. Ndinawayang'ana, ndipo ndinamva fungo la phula la fodya wamuwisi, lija limamata m'zala n'kuda bii, chonsecho fodya ndinasiya kuthyola kalekale.

Ndiye pakati pa amayiwo ndinamva mawu amodzi a pansi. Onenepa, osathamanga, onyamula enawo pamsana. Ndinawafunafuna ndi maso, mzere woyamba, mzere wachiwiri. Anali a mdzukulu wanga. Mwana amene ndinamulera ndekha, ndinkamumva akung'ung'udza potsuka mbale, koma akuimba ndi chifuwa chonse ndinali ndisanamumvepo. Nsanamira ija. Inadumpha amake, inadumpha zaka zonsezi, n'kudzamera mwa iye, m'tauni, m'chinenero cha eni ake.

Anthu amene ankawaimbirawo sindiwadziwa. Koma ndinayamba kuwaona. Ndinaona amayi atakhala mothithikana, mabondo akugundana, wina akumasula mwana kuti ayamwe, wina akuseka. Ndinawaveka maduku. Sindikudziwa ngati kwawoko amavala maduku, koma ine ndinawaveka.

Nyimbo inakwera, inakwera, amayi apamwamba anafika poti mmero wanga womwe unayamba kuwawa, amuna akukankha pansi, onse pamodzi tsopano, makoma akunjenjemera. Kenako inaduka.

Zii.

Bambo wa magalasi uja dzanja lili m'mwamba, osalitsitsa. Akwaya onse pakamwa potseka, maso ali pa iye. Ndinapuma kamodzi. Palibe. Ndinapuma kachiwiri. Ndinayang'ana mdzukulu wanga, maso ake ali tong'o, osaphethira, ndipo ndinati mayo, yawathawa. Mapepala awasocheretsa. Nyimbo ya maliro ikugwa pamaso pa tchalitchi chonse, mwana wanga ali pomwepo, ndipo anthu onsewa, abusa, akuluampingo, amayi a mayunifolomu, akhala manja pamiyendo kuionerera ikugwa. Ndinapuma kachitatu.

Miyendo inaimirira yokha. Ndinkafuna kutola ndi nyimbo ya m'buku, iliyonse ya pamaliro, ndili nazo zodzaza nkhokwe. Ndinatsegula pakamwa. Imene inatuluka si imeneyo.

Ngolo iyo, ngolo iyo, yasiya yani?

Ndi mawu a kumunda, oti amveke kutsidya kwa damu. Anagunda malata n'kubwerera. Mitu yonse inatembenuka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandikoka chitenje, akunong'ona kuti, "Nyararai, ambuya," ndiye kuti khalani chete. Koma ine sindinakhale pansi msanga. Mulungu andikhululukire, ndinadikira. Ndinaima pamenepo pakamwa pali yasa, ndikuyang'ana mzere wachiwiri kumanzere, ndipo ndinadikiradi.

Dzanja la bambo uja linatsika pang'onopang'ono. Akwaya analowa onse pamodzi, motsitsa, mosaphonya, pamalo pamene ankadziwa kuyambira kale kuti alowera. Nyimbo sinagwe. Sinali pafupi n'kugwa komwe. Ndinakhala pansi. Zotsalazo ndinazimva ngati ndili pansi pa madzi.

Titatuluka mdzukulu wanga sanadikire tiyi. Anapinda mkanjo wake, kuuika m'chikwama, n'kunditsogolera kokwerera makombi, iye patsogolo ine pambuyo, ngati mbuzi yopita kumsika. Titadutsa sitolo zitatu anacheuka.

"Munalonjeza."

"Nthungululu sindinaimbe."

"Musandiseketse, gogo, sindikufuna kuseka. Miyezi itatu takhala tikuphunzira chete ameneyo."

"Chete amachita kuphunzira?"

"Analembedwa papepala. Pamenepo ndi pa anthu anaphedwawo. Timawasiyira malo, aliyense awakumbukire mumtima."

"Ine ndimayesa yagwa."

"Sinagwe."

"Ndaona."

Tinayenda pang'ono. Ndinati, "Kwathu akufa sitiwasiyira chete. Timawafunditsa."

"Kuwafunditsa ndi ngolo? M'tchalitchi, gogo? Abusa andifunsa kuti kodi ndi ya Gule. Ndiwayankha chiyani?"

Kombi inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Anandikweza, ndinakhala pa windo, iye anaima panja atapinda manja, akuyang'ana kumbali. Ndinaona khosi lake, lowonda ngati bango. Ndiye ndinamuuza, pa windo pomwepo, pakati pa ogulitsa maputi a chimanga ndi nthochi. Sindinakometse. Ndinamuuza za mbereko, za duku lachikasu, za dothi lofiira. Ndinati amako anali kumsana kwanga, ndipo akanapanda kudziipitsira m'mawa umenewo, iwe ndi ine sitikanakhala pano kukangana. Ndinati unali ndi agogo ako aang'ono, ndipo mawu amene waimba lero ndi awo.

Manja aja anamasuka. Anakhala nthawi osanena kanthu, ndipo chete ameneyo sindinamutole.

"Bwanji simunatiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Nyimbo yake ndi yachibwana."

"Ovomera amati chiyani?"

Ndinamuuza, mongoyankhula. Yasiya aulesi, adza ndi miyendo.

"Basi?"

"Basi."

Anaseka pang'ono, kuseka kotuluka m'mphuno, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anabwereza mawuwo kawiri ngati akuwalawa mchere, lilime lake la Chishona likupunthwa pa aulesi. Anthu awiri aja anafika, wina ndi thumba la feteleza, kondakitala anayamba kumenya chitseko.

"Iponyeni, gogo."

"Pano?"

"M'tchalitchi munaiponya. Pano mukuopa chiyani?"

Ine amene ndinaimbitsa okumba mjigo, nyimbo inakana kutuluka. Ndinayesanso, palibe. Injini inalira, kombi inayamba kusuntha, iye akutsala. Ndiye ndinatulutsa mutu pa windo n'kuponya, kamawu kakang'ono, kong'ambika, ka nkhalamba. Woyendetsa anali atatsegula kale wayilesi, kondakitala akukuwira wina wa njinga, thumba la feteleza likundikanikiza mwendo. Ndinaona mdzukulu wanga atakweza chibwano, ndinaona pakamwa pake pakuyenda. Kenako tinakhota.

Ndinatsika pa mphambano yathu dzuwa litapendeka, ndinayenda wapansi msewu wa kupulazi. Malo aja pamene panaphulikira ngolo palibe chizindikiro. Msewu unangokula pang'ono pamenepo, chifukwa kwa zaka zambiri oyendetsa ankapalambalala, ndipo a masiku ano amapalambalalabe osadziwa chifukwa chake. Sindinalowe m'nyumba. Ndinapitirira kuseri kwa komboni. Mitengo ya bulugamu ija anadula kale, anawotchera fodya, patsala zitsa. Manda a mng'ono wanga ndimawadziwira kapu yachitsulo imene tinaikapo, yodyeka dzimbiri mpaka pansi pake panabowoka.

Ndinati ndiyese chete wawo uja, mwina ali ndi kanthu kamene ine sindikadziwa. Ndinaima, manja pansi. Kupuma koyamba ndinamva njiwa. Kwachiwiri ndinamva wina akuwaza nkhuni kukomboni. Kwachitatu sindinafike, ndinapezeka ndikung'ung'udza kale mawu a amuna aja, a pansi, a thirakitala yakutali. Ndinakalamba nazo, sindingasinthe.

Ndiye ndinakhala pa chitsa n'kumuuza mwini wake zonse. Ndinati iwe, lero ndachita manyazi m'tauni, ukanakhalapo ukanaseka mpaka kugwa pa benchi. Ndinati kuli mwana kumeneko anatenga mawu ako osapempha. Ndinati ndinaponya, ndipo ngati anavomera ine sindinamve, ndisakunamize, wayilesi inali pamwamba. Koma pakamwa ndinapaona. Sipanali pa kutsanzika, kutsanzika n'kwakufupi. Panayenda nthawi yokwanira mawu onse, mpaka pa miyendo.